Katemera wa anthu onse: mafunso a m'makomboni a Lusaka ndi mayankho ake

Galimoto ya chimkuzamawu ikangodutsa kulengeza kuti sabata yamawa kuli katemera, mafunso amayamba: pampopi, m'minibasi ya ku Matero, pamzere wa kukiliniki. Ena ndi a mantha, ena ndi a kutopa chabe, ndipo ena ndi anzeru moti oyendetsa kampeni akanachita bwino kumawamvetsera. Tasonkhanitsa pano amene amabwerabwera. Zokhudza mwana wanu payekha, makamaka ngati ali ndi matenda ena, kambiranani ndi anesi a kukiliniki kwanu.

Katemera wa kampeni amasiyana bwanji ndi uja wa kusikelo?

Wa kusikelo amatsata msinkhu wa mwana ndipo amaperekedwa chaka chonse. Mwana akangobadwa amalandira BCG, uja wosiya kachipsera pamkono, woteteza ku TB yoopsa ya ana, pamodzi ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 mumabwerera naye kuti alandire jakisoni imodzi yoteteza ku matenda asanu, kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, ndiponso katemera wa chibayo ndi madontho enanso a poliyo. Wa rota, woteteza ku kutsegula m'mimba, amaperekedwa m'miyezi yoyambirira yomweyi. Pa miyezi 9 amabayitsa wa chikuku ndi rubella, n'kubwerezanso pa miyezi 18.

Kampeni ndi ya masiku ochepa. M'malo moti azaumoyo akudikireni kukiliniki, iwo ndi amene amakutsatani kunyumba, kusukulu, kumsika, kutchalitchi ndi pamalo okwerera basi. Cholinga chake n'kufikira aliyense wa msinkhu umene wasankhidwa, pa nthawi imodzi, kuti kachilombo kasowe kolowera. Pakati pa ziwirizi pali sabata ya umoyo wa ana imene Unduna wa Zaumoyo umachita kawiri pa chaka, pamene ana amalandira vitamini A, mankhwala a njoka zam'mimba ndi katemera aliyense amene anawaphonya.

Kadi ya mwana wanga inadzaza, katemera anamaliza. Akufuniranji kumubayanso?

Chifukwa kulandira katemera ndi kutetezeka si chinthu chimodzi nthawi zonse. Wa chikuku akaperekedwa pa miyezi 9 amagwira mwa ana pafupifupi 85 pa 100 alionse. Enawo amakhala akadali ndi chitetezo chimene anatengera kwa mayi awo, ndipo chitetezo chimenecho chimafafaniza katemerayo asanagwire ntchito. Palibe angadziwe poyang'ana kuti mwana wanu ali mbali iti.

Tiyeni tiwerengere limodzi mwachitsanzo. Tinene kuti m'dera lina mumabadwa ana 100 pa chaka, ndipo 90 amabwera kudzabayitsa pa miyezi 9. Aliyense anganene kuti zikuyenda bwino. Koma pa 90 aja, otetezekadi ndi pafupifupi 76. Ndiye kuti ana 24 chaka chimenecho atsala poyera. Chaka chotsatira enanso 24. Zikakwana zaka zinayi, ana osatetezeka achuluka pafupifupi ngati onse obadwa m'chaka chimodzi, ndipo chikuku chimangofuna zimenezo. N'chifukwa chake miliri ya chikuku imabwera modumphadumpha, kumakhala zii zaka zingapo kenako n'kubuka, monga mmene zinachitikira muno mu Lusaka mu 2010. Jakisoni yachiwiri ija ya miyezi 18, imene makolo ambiri amaiwala mwana akangoyamba kuyenda, inaikidwa kuti itseke mpata umenewu. Kampeni imasesa otsala.

Kuwonjezera katemera kwa mwana amene anatetezeka kale sikumuvulaza. Thupi limangomuzindikira n'kulimbitsa chitetezo.

Ine wanga ndinabayitsa. Aneba akapanda kubayitsa wawo, si nkhani yawo imeneyo?

Ikanakhala yawo yokha tikanawasiya. Kachilombo ka chikuku sikakhala m'dothi kapena m'madzi. Kamakhala mwa munthu, ndipo kuti kasathe kayenera kudumphira mwa wina uyu asanachire. Wodwala mmodzi akalowa pakati pa anthu amene sanadwalepo komanso sanabayitse, angathe kupatsira anthu 12 mpaka 18. Kachilomboka kamatsala mumpweya mpaka maola awiri wodwalayo atatuluka kale m'chipinda. Taganizani za kalasi yodzaza ya giredi 1, kapena minibasi yotseka mawindo onse m'mawa wa mu Juni.

Amene munakulira kumudzi, ku Katete kapena ku Chadiza, mukudziwa kulambula m'mbali mwa munda nyengo ya moto wolusa isanafike. Moto ukafika polambulapo umasowa udzu n'kuzima wokha, ndipo nkhokwe imene ili mkati imapulumuka ngakhale kuti payokha ndi yoyaka. Koma wina akasiya kampata kosalambula, moto umadutsira pomwepo. Anthu olandira katemera ndiwo polambulapo. Ali mkati ndi amene sangadziteteze okha: khanda la miyezi inayi limene silinafike pobayitsa, mwana amene akulandira mankhwala a khansa, ndi uja amene anabayitsa koma sizinagwire. Khanda limenelo lingathe kukhala lanu chaka chamawa.

Kuti chikuku chilephere kufala pamafunika anthu pafupifupi 95 pa 100 alionse atetezeke. Poliyo amafuna ocheperapo, cha m'ma 80. Koma chenjerani ndi chiwerengero cha dziko lonse kapena cha boma lonse la Lusaka. Chingathe kuoneka chokongola pamene pali kadera kamodzi kuseri kwa msika kumene theka la ana silinabayitse, ndipo mliri umayambira pakadera kotero.

Si matenda onse amayenda motere. Kafumbata amachokera m'dothi kudzera pachilonda kapena pamchombo wa khanda, ndiye ngakhale komboni yonse ibayitse, wosabayitsa satetezeka ndi anzake. N'chifukwa chake amayi oyembekezera amabayidwa aliyense payekha.

Pali matenda amene anathadi chifukwa cha katemera, kapena ndi nkhani chabe?

Funsani agogo za nthomba yaikulu ija, yotchedwa smallpox pa Chingerezi. Ambiri obadwa zaka za m'ma 1970 zisanathe ali ndi chipsera chozungulira paphewa, ndipo ena akukumbukira anthu a nkhope zamabowomabowo kapena akhungu chifukwa cha nthendayo. Katemera wake anayambitsidwa ndi Edward Jenner ku England mu 1796, koma anatenga zaka pafupifupi mazana awiri kuti afike paliponse. Munthu womaliza kutenga nthomba mwachibadwa anali wophika wina wa ku Merca, ku Somalia, mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti nthomba yatha padziko lonse. Ana a lero sabayidwanso katemera ameneyu chifukwa palibe choti awatetezere.

Chochititsa chidwi n'chakuti kumapeto kwake sanapambane pobaya munthu aliyense padziko. Ankasaka wodwala, kumupatula, n'kubaya onse omuzungulira ndi ozungulira iwowo. Zinatheka chifukwa nthomba inkaoneka pankhope, yosabisika. Nthenda yachiwiri imene inatha ndi ya ng'ombe, yotchedwa rinderpest, mu 2011.

Poliyo sitinamuone kwa zaka zambiri. Bwanji madontho sakutha?

Poliyo ndi wobisala. Pa anthu pafupifupi 200 otenga kachilomboka, mmodzi yekha ndi amene amapuwala. Enawo ambiri sadziwa n'komwe, koma amakatulutsa m'chimbudzi n'kupatsira anzawo. Mukaona mwana mmodzi wapuwala, dziwani kuti kachilombo kayenda kale m'nyumba zambiri.

Mu 1988 poliyo ankapuwalitsa ana pafupifupi 350,000 pa chaka m'mayiko 125. Lero wachilengedwe anatsala ku Pakistan ndi ku Afghanistan kokha, ndipo mu Ogasiti 2020 Africa inalengezedwa kuti yamasuka kwa iye. Patangopita chaka ndi theka, mu Febuluwale 2022, dziko la Malawi linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo wachilengedwe, ndipo atapima anapeza kuti kachilomboko n'kapachibale ndi ka ku Pakistan. Ena anapezeka ku Tete, ku Mozambique. Amene amakwera basi ya ku Chipata pa Intercity akudziwa kuti kuchoka ku Lilongwe kudzera pa Mwami kufika muno ndi ulendo wa tsiku limodzi. N'chifukwa chake kuyambira mu Malichi 2022 Zambia, Malawi, Mozambique ndi Tanzania anayamba kudontheza ana pa nthawi imodzi, maulendo angapo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Madontho amabwerezedwa chifukwa m'madera amene ana amatsegula m'mimba pafupipafupi, ulendo umodzi sugwira mwa onse. Mukaona mwana wosakwana zaka 15 wafooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, n'kumalendewera, pitani naye kukiliniki tsiku lomwelo. Amatenga chimbudzi chake kawiri n'kukapima ku labotale ya ku chipatala chachikulu cha UTH.

Ndinamva kuti madontho omwewo ndiwo amabweretsa poliyo. N'zoona?

Muli choonadi pang'ono, ndipo ndi bwino muchimve chonse osati chidutswa. M'madontho muli kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa. Mwana akamwa, kamakhala m'matumbo masabata angapo n'kumatuluka m'chimbudzi. Kumene ana ambiri analandira, kamathera pomwepo. Koma kumene ambiri sanalandire komanso zimbudzi n'zosalongosoka, kangathe kuyenda kuchoka kwa mwana wosatetezeka kupita kwa wina kwa miyezi yambiri, n'kumasintha pang'onopang'ono mpaka kupezanso mphamvu yopuwalitsa. Zoterezi zachitikapo m'mayiko angapo a mu Africa, ndipo Zambia inaonapo mu 2019.

Onani amene amapuwala pamenepa: ndi ana osalandira. Gwero lake ndi kuchepa kwa olandira, ndipo chothetsera n'kufikira ana ambiri mwamsanga. Pofuna kuchepetsa vutoli, jakisoni ya poliyo yokhala ndi kachilombo kakufa inawonjezedwa kusikelo, ndipo kuyambira mu 2021 pali madontho atsopano opangidwa kuti asasinthe msanga.

Inki pachala ndi choko pachitseko n'zachiyani?

Inki imapakidwa pachala chaching'ono cha kumanzere kuti gulu lina likakumana ndi mwanayo kumsika lidziwe kuti walandira kale. Choko chimauza woyang'anira tsiku limene anafika, gulu limene linafika, ndi ngati pali mwana amene sanam'peze kuti abwerereko. Kampeni ikatha, anthu ena amayenda m'misika ndi m'nyumba kuyang'ana zala za ana kuti aone ngati deralo lafikiridwa mokwanira. Musafute chokocho sabata isanathe.

Amene amatsala ndi ndani? Si okana aja?

Okana alipo, ndipo amamveka kwambiri chifukwa amalankhula mokweza. Koma m'kuona kwathu ana ambiri otsala ali ndi makolo amene sanakane chilichonse. Ndi mwana wa mayi amene amanyamuka 4 koloko m'mawa kukapikula tomato kumsika wa Soweto, mwana ali kumsana, n'kubwera dzuwa litalowa. Ogwira ntchito ya katemera amafika 10 koloko, amapeza loko, amalemba choko n'kupita. Ndi mwana wa banja limene langofika kumene kuchokera ku Petauke, silikudziwa kiliniki ili kuti. Ndi wa alendi amene amasamuka lendi ikakwera, lero ku Chawama, mwezi wamawa ku John Laing, ndipo kaundula aliyense amaganiza kuti ali kwinako. Ndiponso, tinene mosabisa, ndi wa kumayadi, kumene wantchito anauzidwa kuti asatsegulire geti munthu aliyense, ndipo anesi amaima panja kumvetsera agalu.

Ngati mukudziwa kuti simudzakhalapo, siyani mawu kwa amene akusunga mwana kuti mwalola, kapena pitani naye pamalo okhazikika, chifukwa kampeni iliyonse imakhala nawo kukiliniki ndi m'misika ikuluikulu. Eni nyumba zalendi angathandize kwambiri pongonena kuti kuseriku kulinso mabanja atatu. Oyendetsa kampeni nawo aganizirepo: kugogoda m'maola a muofesi m'dera limene amayi onse ali kumsika n'kutaya mafuta.

Tinamwa katemera wa kolera mu 2018, koma mu 2024 kolera inabweranso moopsa kuposa kale. Ndiye phindu lake n'chiyani?

Funso ili ndi lachilungamo. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unadwalitsa anthu pafupifupi 6,000 m'dziko muno n'kupha oposa 100, ambiri a muno mu Lusaka. Tonse tikukumbukira asilikali akuchotsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni, sukulu zitatsekedwa, ndi bwalo la National Heroes Stadium litasanduka chipatala. Katemera anaperekedwa mu Januwale 2018 m'makomboni a muno monga Kanyama ndi Chipata. Kenako mu Okutobala 2023 zinayambiranso. Odwala anaposa 20,000, omwalira anaposa 700, sukulu sizinatsegulidwe mpaka mu Febuluwale 2024, ndipo bwalo lija linadzazanso mabedi.

Katemera wa kolera sakhalitsa ngati wa chikuku. Kumwa kawiri kumateteza pafupifupi zaka zitatu. Kumwa kamodzi kumateteza kwa nthawi yaifupi kuposa pamenepo, ndipo mwa ana osakwana zaka zisanu sikugwira mwamphamvu ngati mwa akuluakulu. Pofika 2023 chitetezo cha 2018 chinali chitatha, kuwonjezera apo m'makomboni munali mutadzaza ana obadwa pambuyo pake ndi anthu obwera kumene. Komanso satseka njira zonse: amachepetsa kwambiri mwayi wodwala ndi wodwala mwakayakaya, ndipo amayamba kugwira patapita sabata imodzi kapena kuposerapo, osati tsiku lomwelo.

Phindu lake n'lakuti amadula mliri ukayamba ndipo amapereka mpata wokonza chimene chimaubweretsa. Chimenecho tikuchidziwa tonse. Kanyama ndi madera oyandikana nayo anakhala pamwala wokhala ndi ming'alu ndi mphako, madzi ali pafupi ndi pamwamba. Chimbudzi chokumba chili apa, chitsime chosazama chili apo, ndipo mvula ikagwa mwamphamvu zonse zimakumana pansi ndi pamwamba pomwe. Amene amati "tipatseni madzi abwino, osati timabotolo" sakulakwa. Cholakwika n'kukana kabotoloko podikira mapaipi, chifukwa kolera siyembekezera kuti kontrakitala amalize. Imwani katemera, ndipo pitirizani kufunsa akhansala ndi aphungu anu za madzi ndi ngalande.

Mutamwa kale, musasiye kuthira klorini m'madzi kapena kuwawiritsa, ndi kusamba m'manja ndi sopo. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi ngati otsukira mpunga, yambani kum'mwetsa manzi a moyo, madzi aja a ORS, pomwepo, muli panjira yopita kuchipatala. Kolera ingaphe munthu wamkulu m'maola ochepa, koma wofika msanga n'kulandira madzi m'thupi amachira pafupifupi nthawi zonse.

Bwanji anapereka ku Kanyama ndi ku Matero koma kwathu sanafike? Kodi ndi tsankho?

Ndi kuchepa kwa katemera. Wa kolera sagulidwa ngati panado. Amasungidwa munkhokwe imodzi ya dziko lonse lapansi, ndipo mayiko amapempha mliri ukabuka. M'zaka zapitazi miliri inachuluka nthawi imodzi, kuphatikizapo wa ku Malawi wa 2022 mpaka 2023 umene unapha anthu oposa 1,700, pamene opanga katemerayo ndi ochepa kwambiri. Wambiri amachokera ku kampani imodzi ya ku South Korea. Mu Okutobala 2022 oyang'anira nkhokweyo anaganiza zoti pa miliri anthu azimwa kamodzi m'malo mwa kawiri kuti afikire ambiri. Wochepayo akafika, amayambira kumene odwala akuchuluka, malinga ndi ziwerengero zimene a ZNPHI, bungwe la boma lolondola miliri, ndi Unduna amasonkhanitsa. Boma la Lusaka lokha lili ndi anthu oposa 2 miliyoni.

Ndi kuzimazima kwa magetsi kuno, tingadziwe bwanji kuti katemera sanawonongeke?

Akatemera ambiri amafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8 kuchoka kufakitale mpaka pamkono wa mwana. Mafiriji ake si a kunyumba. Amapangidwa kuti asunge kuzizira maola ambiri magetsi atapita, ndipo ambiri tsopano ndi a dzuwa. Anesi amalemba kutentha kwa firiji m'mawa ndi madzulo.

Koma pali chinthu chimene mungathe kuona nokha. Pa kabotolo ka katemera, palebulo kapena pachivindikiro, pamakhala kabwalo kodera, ndipo mkati mwake muli kabokosi kangodya zinayi koyererako. Kabokosi kameneko kamada pang'onopang'ono kakamamva kutentha, ndipo sikayeranso ngakhale mubweze botolo mufiriji. Kakakhala koyera kuposa kabwalo, katemera ali bwino. Kakafanana nako kapena kudera kuposa, botolo limatayidwa. Pemphani mwaulemu kuti, "Asisita, ndingaoneko kabotoloko?" Namwino wodziwa ntchito yake sakhumudwa ndi funso lotere.

Ndinapita ndi mwana kukabayitsa chikuku, anandibweza kuti ndibwere tsiku lina. Chifukwa chiyani?

Katemera wa chikuku ndi wa BCG amabwera ngati ufa m'botolo la ana angapo. Akangosungunula, ayenera kutha m'maola asanu ndi limodzi, wotsala amatayidwa. Ndiye makiliniki ena amasankha masiku kuti ana achuluke. Chifukwa chake n'chomveka, koma ife tikuona kuti kutaya theka la botolo n'kwabwino kusiyana ndi kubweza mayi amene wasiya malonda ake n'kulipira minibasi, chifukwa ambiri obwezedwa sabwereranso. Zikakuchitikirani, funsani tsiku lenileni ndi ola, alembe pakadi.

Mwana watentha thupi usiku atabayitsa. Ndichite chiyani?

Kutentha thupi pang'ono, kulira, ndi kutupa pobayapo kwa tsiku limodzi kapena awiri n'zozolowereka, makamaka pa jakisoni ya pantchafu. Muyamwitseni pafupipafupi, musamufunditse zambiri, ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira potupapo, ndipo m'patseni panado wa ana pa mlingo umene anesi anakuuzani. Musatikite kapena kupakapo mankhwala. Wa chikuku nthawi zina amabweretsa kutentha ndi tizidzolo patatha sabata kapena kuposerapo. BCG amatulutsa katuza kamene kamaphulika n'kupola kokha m'masabata angapo, musakafinye.

Thamangirani kuchipatala ngati mwana akubanika, watupa nkhope kapena milomo, akukomoka, wakana kuyamwa, kapena akulira mosalekeza kwa maola atatu. Zotere n'zosowa kwambiri, koma zikachitika ziyenera kulembedwa ndi kufufuzidwa, ndipo bungwe la ZAMRA, loyang'anira mankhwala m'dziko muno, limalandira malipoti ake. Kumbukiraninso kuti malungo sasiya kugwira ana chifukwa kuli kampeni. Kutentha kukapitirira masiku awiri, kapimitseni, musangoti ndi katemera.

Nanga mwana akakhala ndi chimfine, kapena ali ndi HIV?

Chimfine, chifuwa chaching'ono kapena kutsegula m'mimba pang'ono si zifukwa zolephera kubayitsa. Wodwala kwambiri, wofunika kugonekedwa, amayamba wachira kaye. Mwana amene ali ndi HIV amafunika katemera kuposa anzake chifukwa chikuku ndi chibayo zimam'gwetsa msanga. Uzani anesi za mmene alili, chifukwa akatemera amoyo monga BCG amaunikidwa mwapadera ngati chitetezo chake chatsika kwambiri.

Akuti katemera amatseka mimba, makamaka uja wa atsikana akusukulu.

Mphekesera imeneyi ndi yakale, imangosintha dzina la katemera. Mu 2003 inafala kumpoto kwa Nigeria, ndipo ku Kano anaimitsa madontho a poliyo pafupifupi chaka chathunthu. Zotsatira zake, poliyo anabwerera m'mayiko pafupifupi 20 amene anali atamasuka. Inamvekanso muno katemera wa COVID-19 atayamba mu Epulo 2021. Yang'anani pamzere wa amayi oyembekezera pakiliniki iliyonse m'mawa: pafupifupi onse ali ndi chipsera cha BCG, anamwa madontho ali ana, ndipo ena akubwera ndi mimba yachinayi.

Wa atsikana uja amateteza ku HPV, kachilombo kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Khansa imeneyi ndi imene imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse mu Zambia, ndipo amene anadwazikapo ku Cancer Diseases Hospital akudziwa mmene imavutira ikapezeka mochedwa. Katemerayu wakhala akugwiritsidwa ntchito padziko kuyambira 2006, ku Rwanda kuyambira 2011, ndipo muno anafalikira m'dziko lonse mu 2019. Amaperekedwa kwa atsikana aang'ono chifukwa amagwira bwino asanakumane ndi kachilomboko. Chimene chimachotsetsa chiberekero ndi khansayo. Amayi amene msinkhu wa katemerayu unawapitirira, pitani kukapimitsa khomo la chiberekero, zimachitika m'makiliniki ambiri a boma.

Abambo, nkhani iyi musaisiyire amayi okha. Nthawi zambiri kakalata ka kusukulu kamabwerera kosasaina chifukwa "bambo ake sanalole", pamene bamboyo sanafunse n'komwe kuti katemerayo ndi wachiyani.

Mpingo wathu umati tizingopemphera. Mungatikakamize?

Azaumoyo sabwera ndi apolisi pakhomo panu, amabwera kudzakambirana. Mipingo yambiri muno imatsegula makomo ake kuti kampeni zichitikire pabwalo la tchalitchi, ndipo zipatala zambiri za kumidzi zimene zimabaya ana ndi za mishoni. Koma tiyenera kutchula zimene zinachitika ku Zimbabwe mu 2022. Chikuku chinayambira ku Manicaland, chinafala pamisonkhano ya mipingo imene imaletsa zachipatala, ndipo ana oposa 700 anamwalira, ambiri osabayitsa. Wamkulu angasankhe zake. Mwana wa zaka ziwiri sanasankhe kanthu. Ngati mukuopa maso a anthu, mungathe kupita kukiliniki panokha tsiku lililonse.

Pali malipiro?

Ayi. Katemera wa kusikelo ndi wa kampeni ndi waulere m'zipatala za boma. Boma limalipira mbali ina, ina imachokera ku mabungwe monga Gavi, limene linakhazikitsidwa mu 2000, ndipo UNICEF imathandiza kugula ndi kubweretsa. Wina akakuuzani kuti mulipire, kanenezeni kwa woyang'anira kiliniki.

Kadi inatayika posamuka, ndipo mwana anadumpha miyezi ingapo. Andikalipira?

Mwina wina angakwinye nkhope, koma pitani. Mwana amene anadumpha sayambiranso poyamba, amapitiriza pamene analekera, ngakhale papite chaka. Tchulani kiliniki imene munayambira ndi mwezi umene anabadwa, chifukwa akhoza kupeza m'kaundula. Akalephera, amaona chipsera cha BCG, amakufunsani zimene mukukumbuka, n'kumpatsa zimene zikusowa. Simukuyenera kubwerera kukiliniki yakale: ngati munayambira ku George ndipo tsopano muli ku Bauleni, pitirizani ku Bauleni. Mukalandira kadi yatsopano, ijambuleni pafoni mbali zonse ziwiri ulendo uliwonse anesi akalembapo, ndipo isungeni mupulasitiki pamalo okwera, makamaka ngati kwanu madzi amalowa m'nyumba nthawi ya dzinja.